Amayi Anandiuza Kuti Dikirani

Nkhani ya mwamuna wa ku Finland ndinaimva Amayi asanaganize n'komwe zondiuza. Kwathu ku Kilingi-Nõmme kulibe chobisika. Azakhali a mnzanga Säde amachapa zofunda pa hotela imene Amayi amagwirako ntchito ku Pärnu, ndiye anauza amake Säde, amake Säde anauza mayi wa m'sitolo ya mankhwala, basi tauni yonse inadziwa kuti Piret, ndiye Amayi angawo, wapeza mkulu wadazi wokhala ndi boti. Ine nkhani zoterezi ndimazikonda, sindikana. Koma ikakhala ya mayi ako imakhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Amayi anachoka pakhomo ndili giredi 7, ndinatsala ndi Bambo. Bambo amacheka matabwa, ndipo amayankhula ngati mawu amachita kugula. Tsono Loweruka la sabata imeneyo linali tsiku lathu lotsanzikana ndi giredi 9. Aliyense amatchena, ahedi amaitana dzina lako, ukatsika pa nsanja mayi ako amakupatsa maluwa anthu onse akuona. Ine ndinkafuna chimenecho basi. Foni Amayi sankayankha, meseji ankangobweza kuti tikambirana. Lachinayi ndinakwera basi ya ku Pärnu.

Ndinawapeza kuseri kwa kauntala yolandirira alendo, tsitsi atalisintha mtundu, akuoneka ngati mkulu wanga. Wadazi uja, dzina lake Ilkka, anali atatsamira pomwepo, masandasi ndi masokosi, akuseweretsa cholembera chawo. Ndinayandikira, mawu oti Amayi ali kale pa lilime. Amayi anandiona. Anamwetulira kumwetulira kwa pantchito, mano okhaokha.

"Oodake palun, üks hetk." Dikirani pang'ono, chonde.

Moyo wanga wonse Amayi akhala akundiuza kuti oota. Dikira, ndili pa foni. Dikira iwe, supu akutentha. Dikira, ndidzakutenga ndikapeza nyumba. Oota ndi mawu a pakhomo, amauzidwa mwana, galu, mwamuna wako. Oodake ndi wa alendo a masutikesi. Palibe mayi amene amanena mwana wake wom'bereka yekha kuti inu.

Ndinakakhala pa sofa pafupi ndi gogo wina wovala mkanjo wosambira, amene ankanunkhira mankhwala a m'dziwe losambiramo. Wadazi anafunsa, chiyankhulo chathu akuchithyola makosi ngati mmene amachitira anthu a kwawo.

"Kamtsikana kameneka ukukadziwa?"

"Mwana wa kumudzi kwathu," anatero Amayi. "Akufuna ganyu wa m'chilimwe, wotsuka mbale."

"Ayi, zabwino. Ana a masiku ano ntchito safuna." Anandibaibitsa ndi zala ziwiri, n'kulowera kosambira.

Atangokhota, Amayi anandikoka mkono kupita ku khonde la kuseri, kumene amaunjika matawulo akuda.

"Kertu, wapenga? Munthu umangotulukira osaimba?"

"Ndinaimba. Foni yanu ili ndi matenda osankha anthu."

"Usandiyankhe choncho. Ilkka ndimuuza, koma pa nthawi yake. Anavutika kwambiri ndi ana a mkazi wake woyamba, akangomva za ana amatuwa."

"Ndiye ine ndine wotsuka mbale."

"Unkafuna ndinene chiyani?"

"Loweruka mubwera?"

Anayamba kupinda tawulo lakuda, lopita kochapa, bwinobwino ngati wina aligwiritsa ntchito.

"Loweruka tikuwoloka nyanja kupita kwawo ku Helsinki. Akufuna akandionetse kwa mlongo wake. Ndikutumizira maluwa, mwanawe, aakulu kuposa a wina aliyense."

"Maluwa amaperekedwa ndi manja."

"Bambo ako manja ali nawo."

Pomwepo chitseko chinatseguka. Anali Ilkka, wayiwala kiyi wa chipinda, akufunafuna Piret wake. Anaima n'kumatiyang'ana tonse awiri, ndipo ndinaganiza kuti aona yekha, poti mphuno yanga ndi ya Amayi anasemera pa mtengo umodzi. Sanaone kanthu.

Ine pakamwa panga mumapadziwa. Ndine amene ndinaulula kuti aphunzitsi a masamu ali ndi pakati ahedi asanadziwe. Apa panangofunika liwu limodzi, ulendo wa ku Helsinki ukanathera pa matawulo pomwepo, Loweruka Amayi akanakhala opanda kopita. Ndinawayang'ana. Pakhosi pawo panali patatuluka mawanga ofiira, omwe amanditulukanso ine akandiitana ku bolodi. Ndinawaona m'maganizo atakhala mu holo ya sukulu, milomo ataimanga, akundipatsa maluwa ngati akupereka chindapusa. Zimenezo sindinazifune.

"Wapeza ntchito?" anafunsa Ilkka.

"Ayi, bambo. Akuti malo adzaza."

"Pepa. Uyesenso chaka chamawa."

Amayi anandiperekeza mpaka pa chitseko cha antchito. Anafuna kundikonza kolala, ine ndinabweza phewa.

Loweruka Bambo anavala suti imene anakwatira nayo, mabatani osakumana pamimba. Maluwa anathyola m'munda mwa aneba, anawakulunga m'nyuzipepala, n'kuwagwira ngati nkhwangwa. Ahedi ataitana dzina langa ndinatsika, Bambo anandipatsa, anati, "Eya," basi. Maluwa a Amayi anafika ndi galimoto ya kusitolo mwambo uli mkati, chimtolo choti sungachinyamule ndi dzanja limodzi, ndipo holo yonse inacheuka kuona kuti n'cha ndani.

Panja, pojambulitsa zithunzi, amake Säde anandigwira tsaya.

"Wakongola, Kertu. Nanga Piret sanabwere?"

"Ali pa ntchito. Chilimwe alendo amachuluka."

"Inde, pa ntchito," anatero, akuponya diso kwa mayi wa m'sitolo ya mankhwala. "Maluwa akewo ndiye okwera mtengo."