Maluwa a Kuseri kwa Matailosi

Mmisiriyo anamuitanira ntchito imodzi basi, kumata matailosi m'kanyumba ka pamanda a shehe wakalekale. Koma tsiku loyamba lomwelo, akupala laimu wa pakhoma, mpeni wake unavundukula tsamba lobiriwira lojambulidwa pakhomapo. Anapitiriza kupala mosamala. Panatuluka maluwa abuluu, timphesa, ndi mzere wa malemba a Chiarabu wozungulira chipinda chonse, ntchito ya munthu wa dzanja lodekha amene palibe akumukumbukira.

Anathamanga kukaitana wapampando wa komiti ya mzikiti.

"Bwana, taonani izi. N'zakale kuposa agogo athu. Simenti ikangogwira pamenepa, zapita."

Wapampandoyo anangosuzumira ali pakhomo, foni ili kukhutu. "Zasuluka izo, amisiri. Alendo odzaona manda akufika Lachisanu, ndipo akufuna zowala."

Zowala zake ziti? Matailosiwo anali oyera mbuu, ngati a m'bafa. Mmisiri anapsa mtima. Anapita kwa imamu, imamu akuti nkhaniyo ndi ya komiti. Anapita kwa mlembi, mlembi akuti lembani kalata. Kalata yoti adzaiwerenge liti, anthu oti amakumana pakagwa maliro pokha?

Ndiye anangochita zake. Anadzitsekera m'katimo masiku anayi. Anaimika matabwa motalikirana ndi khoma zala zinayi, n'kukhomapo mabolodi, matailosi n'kumata pamabolodipo. Maluwa aja anatsala kuseri, osadonthedwa ndi simenti ngakhale pang'ono.

Lachinayi a komiti anabwera kudzayalanso kapeti ya m'chipindamo. Inakana kukwana, inangopindikira m'mbali zonse.

"Zaka makumi atatu mukumanga, koma tepi simuidziwa?" anatero wapampando pamaso pa anthu onse. "Chipindachi mwachidya. Ntchito ya mpanda tinakulonjezani ija iwalani, tipeza wodziwa kuyeza."

Zinamuwawa koopsa, munthu woti sanakhotetsepo khoma chiyambire. Anatsala pang'ono kuulula. Kungogogoda tailosi imodzi, aliyense akanamva kuti kuseriko kuli mphako, dzina lake n'kuyera. Koma anthuwa ankawadziwa bwino. Akanagumula zonse tsiku lomwelo, n'kupeza wina wodzapaka simenti pamaluwa pomwepo.

"Ndinaphonya muyeso, bwana," anatero mmisiri.

Anabwereka sizasi, nagwada pambali pa manda a shehe, n'kuyamba kudula kapetiyo.