Bambo Anabwera Kudzachapa Matewera

Mayiyu atabereka mwana, mwamuna wake anali pa tchuthi, koma tchuthi cha dalaivala wa lole sichichedwa kutha. Anangokwanitsa kukawatenga kuchipatala, kukweza zikwama pamasitepe ndi kuphunzira kugwira kamutu ka khanda, basi foni n'kulira: katundu wapakiridwa kale, lole ikudikira iye.

"Ndikane?" anafunsa ataima pakhomo la kuchipinda, jekete ili m'manja.

"Mukakana tidya chiyani? Pitani, ndikwanitsa," anayankha mkaziyo.

Mawu akuti "ndikwanitsa" sankachoka pakamwa pake. Mayi ake anamwalira iye ali kusekondale, ndipo kuyambira pamenepo anazolowera kusapempha kanthu kwa munthu. Anali mphunzitsi wa masamu, wotha kukhalitsa chete kalasi yonse ndi diso lokha. Nanga kamwana kongokwana m'manja kakanamuvuta bwanji?

Apongozi ake aakazi akanabwera, koma miyendo inali itawatupa, ndipo nyumbayo inali yosanja, yokwera ndi masitepe. Tsiku lomwe lole inanyamuka, foni inaliranso. Anali bambo ake.

"Kasingano, ndili m'basi."

Dzinali anamupatsa ali wamng'ono chifukwa cha kuonda, ndipo bambowo, telala wopuma pantchito, sanalisiye ngakhale iye atakula n'kukwatiwa.

"M'basi yopita kuti, Bambo?"

"Kwa iwe. Ndikudzalera."

"Inu? Kulera khanda?"

"Ee, ine. Teleka madzi a tiyi. Ayi, usadzuke, ndidzateleka ndekha."

Anafika masana ali wefuwefu ndi masitepe, chikwama chachikulu chili paphewa. M'chikwamamo zovala zawo zinali zochepa. Chodzaza chinali matewera a nsalu yofewa, odulidwa mofanana, opindidwa m'mphepete ndi makina, ulusi wake wowongoka ngati wa suti. Anasamba m'manja kwa nthawi yaitali, anakhala pampando, n'kutambasula mikono. Kasingano anawapatsa mwanayo mtima uli m'mwamba. Nkhalambayo inayang'ana kankhope kokwinyika kaja, kamwanako n'kuyasamula osawasamala n'komwe.

"Aa, ndiye awa ndi abwana athu," anatero. "Moni, Abwana. Wantchito wanu ndafika."

Kuyambira pamenepo kamtsikanako kanasanduka Abwana. Kakalira, bambo ankati Abwana aitanitsa msonkhano. Kakaipitsa thewera, ankati Abwana asaina.

Ankagona pa sofa pabalaza, miyendo itatulukira kunja kwa bulangete. M'mawa ankadzuka kukolopa, kuwiritsa madzi, kuphika phala, kenako n'kukhala pakampando ku bafa, beseni lili pakati pa miyendo, kuchapa. Akatsika kukayanika pa chingwe cha kuseri kwa nyumba, mapegi ankawaluma pakamwa monga ankalumira mapini kushopu, ndipo amayi oyandikana nawo ankasuzumira pamawindo kuona bambo wa imvi akukung'untha matewera. Iwo ankangovula chipewa n'kupereka moni.

Tsiku losambitsa mwana koyamba, Kasingano sankadziwa poyambira. Mchombo unali usanagwe, ndipo kathupi konyowako kankaterera ngati sopo. Bambo anapinda malaya, anaviika chigongono m'madzi, anathira ozizira pang'ono, n'kumuonetsa kugoneka kamutu pamkono, zala zitagwira m'khwapa.

"Yamba nkhope, madzi akadali oyera. Pamchombo usanyowetse, ungopukuta mozungulira."

"Munaphunzira kuti zimenezi, Bambo?"

"Pa iwe. Utabadwa, amayi ako anatsala m'chipatala nthawi yaitali, akudwala. Ndinkapita nawe kushopu n'kukugoneka m'dengu la zidutswa za nsalu, pafupi ndi makina. Kasitomala wina anatsala pang'ono kukukhalira."

Kasingano anaseka mpaka m'mimba munamupweteka. Nkhani imeneyi anali asanaimvepo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene atelala sakanachitapo kanthu. Nthawi yoyamwitsa ikakwana, iwo ankadzuka msanga, kutembenukira kuwindo, kapena kupeza chochita kukhitchini. Choncho sankaona zimene zinkachitika. Mwana akangogwira bere, Kasingano ankaluma mlomo, zala za kumapazi zitapindika ndi ululu. Nsonga za mawere zinang'ambika. Abwana ankayamwa pang'ono, kusiya, kulira, kugwiranso, kusiyanso. Tulo panalibe, ndipo mayiyo anayamba kuchita mantha akangomva mwana wake akutakataka. Mantha amenewo ndi amene ankamuchititsa manyazi koposa. Mayi wotani woopa mwana wake yemwe?

Mwamuna wake akaimba foni kuchokera pamsewu, iye ankati zonse zili bwino.

Kusikelo, namwino anagoneka mwana, anayang'ana nambala, n'kukwinya nkhope pang'ono.

"Sakukwera bwino uyu. Akuyamwa?"

"Akuyamwa."

"Muziyamwitsa pafupipafupi, ndipo muzionetsetsa kuti wagwira bwino. Pali vuto lina lililonse?"

Kumbuyo kunali mzere wautali wa amayi, makanda akulira. Kasingano anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ayi, palibe."

Atafika kunyumba analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Bere lamanja linali litalimba ngati mwala, lofiira, lotentha, ndipo thupi lonse linkamva kuzizira ngakhale kunja kunali dzuwa. Mwana anayamba kulira. Iye anamunyamula, anayesa, ululu n'kumulasa mpaka kumsana. Anamugoneka pabedi, n'kukhala pansi atatsamira khoma, nayenso n'kuyamba kulira, osati mobisa monga ankachitira masiku onsewa, koma mokweza, mamina ndi misozi pamodzi.

"Odi," anatero bambo kuseri kwa chitseko. "Kasingano, Abwana ndimawadziwa kaliridwe kawo. Uyu winayu ndi ndani?"

"Palibe, Bambo."

"Ukudwala?"

Kasingano anapukuta misozi. Angawauze bwanji bambo ake omubereka?

"N'zokhudza... kudya kwa Abwana?"

"Ee."

Anamva akupumira m'mwamba. "Mwana wanga, iwe ndinakulera ndi botolo. Kuchapa ndimatha, kusambitsa ndimatha, koma uku n'kumene nzeru zanga zathera. Dikira."

Anamva chitseko chakunja chikutseguka, nsapato zikutsika masitepe. Anafuna kuwaitana kuti abwerere, koma analibe mphamvu.

Pasanapite nthawi, munthu analowa kuchipinda osapempha n'komwe. Anali mayi wa pansi, amene anthu onse ankawatchula Amake Mapasa, woluka tsitsi pakhonde la nyumba yake, wamawu akuluakulu. Kasingano ankangopatsana naye moni wouma kuyambira tsiku limene anakangana chifukwa cha malo pa chingwe choyanikira. Mayiyo anaima, chipeso chikadali m'tsitsi mwake, n'kuyang'ana mwana pabedi ndi mayi pansi.

"Aphunzitsi, dzukani apo. Bafa ili kuti, ndisambe m'manja? Ndasiya munthu mutu uli theka."

Atabwerako anakhala pabedi ngati kwawo.

"Bambo anu andiseketsa. Agogoda pakhomo chipewa chili pachifuwa, thukuta lili kamukamu, akuti, 'Mayi, pepani, kwathu kukhitchini kwa Abwana kwavuta.' Ine n'kumati mwina paipi yaphulika! Ndinatsala pang'ono kuwatumiza kwa pulambala. Taonetsani."

Kasingano anaseka misozi ikutsika, ndipo kusekako kunachotsa manyazi. Anamasula bulauzi. Amake Mapasa anayang'ana n'kuimba mluzu.

"Mayo ine! Mwakhala nazo chonchi osanena? Inetu pa mapasa aja ndinalira mpaka anthu a mumsewu anamva. Kukhala chete sapereka mendulo, anzanga."

Anaitanitsa madzi ofunda ndi thaulo, ndipo bambo anazipereka pakhomo, dzanja lokha likuoneka. Anathowa berelo, n'kumasisita pang'onopang'ono. Kenako anaunjika mapilo pamiyendo pa Kasingano, anatembenuza mwana kuti kamimba kake kagunde mimba ya mayi ake.

"Inu musaweramire mwana, mwana abwere kwa inu. Mukhudzeni pamphuno apa. Dikirani, dikirani ayasamule kwambiri... tsopano! Asagwire kunsonga kokha, alowetse ndi kwakudaku."

Ulendo woyamba zinakanika. Wachiwirinso. Kenako mwana anatsegula kukamwa ngati kambalame, mayi uja n'kukankha kamsana, ndipo Kasingano anadikira ululu uja. Unabwera, koma wochepa, wopiririka. M'chipindamo munangoti zii, n'kuyamba kumveka kaphokoso kamene anali asanakamvepo bwinobwino: mwana wake akumeza, kumeza, kupuma, kumezanso.

"Mwamva?" ananong'ona Amake Mapasa. "Koma thupi latenthali si la ine ayi. Mawa m'mawa mubwerere kuchipatala, ndipo mukanene zonse. Mukakanena kuti palibe vuto, ndikakuululani ndine."

Anapitadi, bambo atanyamula mwana, iye akuyenda pang'onopang'ono pambuyo. Ulendo uno ananena zonse. Namwino yemwe uja anamulowetsa m'kachipinda, anamupima, anamupatsa mankhwala, n'kukhala naye mpaka ataona yekha mwana akuyamwa.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Mabala anatenga nthawi kuti apole, ndipo panali masiku ena amene Abwana ankangolira popanda chifukwa, bambo n'kumazungulira nawo pabalaza atawakhazika paphewa, akuwafotokozera kadulidwe ka kolala ya malaya mpaka atageya. Amake Mapasa ankakwera masitepe m'mawa uliwonse asanayambe ntchito, kudzaona, kudzakalipa pang'ono, nthawi zina atatenga kambale ka chakudya. Nkhani ya chingwe ija palibe anaitchula. Mchombo unagwa wokha tsiku lina posintha thewera. Mwamuna wake ataimba, Kasingano anamuuza zonse, za kulira ndi za kutentha thupi zomwe, ndipo mwamunayo anati akapempha maulendo afupi.

M'mawa wina akuyamwitsa pafupi ndi windo, anazindikira kuti sakulumanso mlomo. Mwana anasiya bere, mkaka uli pachibwano, n'kumuyang'anitsitsa ndi maso akuda bii, ngati akufunsa kuti, kodi ndinu amene? Kasingano anamugwira kaphazi, ndipo kwa nthawi yoyamba sanafune kuti wina amulandire.

Mwezi ukutha anabwereranso kusikelo. Namwino anayang'ana nambala n'kumwetulira.

"Eya, uku ndiye kukwera. Masaya awa mwawagula kuti?"

Bambo, amene anaima pakhomo chipewa chili m'manja, anamva. Njira yonse yobwerera ankauza aliyense, ngakhale kondakitala wa basi, kuti Abwana akwezedwa pantchito.

Lole inabwerako sabata yomweyo. Mwamuna wake anakwera masitepe mothamanga, ndipo atanyamula mwana anadabwa kulemera kwake. Bambo anamupatsa mkamwini wawo tsiku lathunthu la maphunziro: madzi osambitsira, kapindidwe ka thewera, kagwiridwe pogeyetsa. M'mawa mwake analongedza chikwama, chimene tsopano chinali chopepuka.

Kasingano anawaperekeza mpaka pansi pa masitepe. Anali atakonza mawu ambiri, koma atafika pamenepo onse anamuthawa.

"Bambo, ine sindikudziwa kuti ndikanatani..."

"Ukanalira, kenako ukanagogoda pakhomo la munthu. Ungophunzira kugogoda msanga."

"Zikomo, Bambo. Zikomo kwambiri."

Iwo anayang'ana kumbali, akukonza chipewa chimene chinali bwinobwino kale. "Amayi ako akanakhalapo akanachita bwino koposa ine. Koma ndayesetsa." Anamugwira paphewa. "Uzidya. Bwerera m'mwamba, kunja kuno kuli mphepo."

Anawayang'ana akuyenda mumsewu mpaka anakhota pa golosale. Akutembenuka kuti akwere, mawu akuluakulu anamuitana kuchokera pakhonde.

"Aphunzitsi! Tabwerani kuno. Mutu umenewo mwauona pagalasi? Mbalame ziikiramo mazira."

"Mwana ali m'mwamba..."

"Ali ndi bambo ake, wangoyamwa kumene, ndamva kuti kwati zii. Khalani apa."

Kasingano anakhala pamkeka, msana utatsamira mawondo a Amake Mapasa. Chipeso chinayamba kumasula tsitsi limene linapotana mwezi wonse, mafuta ozizira akuyenda pakhungu. Mayi uja ankalankhula za mapasa ake, za kasitomala wovuta, za mtengo wa mesh. Kasingano anayankha kawiri kapena katatu, kenako mutu unayamba kulemera n'kugwera pabondo la mnzake. Mapasa atatuluka akuthamangitsana, mayi awo anawaopseza ndi chipeso kuti akasewere kutali, n'kupitiriza kuluka mbali imene inali pamwamba, pang'onopang'ono, osamudzutsa.