Evelina Akaonekera ku Indianapolis

Evelina ankasamalira odwala pachipatala china ku South Bend, m'dziko la America, ndipo anali pachibwenzi ndi Wendell, mzungu wadazi yemwe ankatolera zithunzi zotsatsira mafilimu a nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Zonse zinali zofanana: msilikali wachizungu atakumbatira mkazi wa dziko lina, wa duwa m'tsitsi, wopanda nsapato. Evelina ankati umenewu ndi umboni woti bamboyu alibe tsankho. Munthu akakonda sauzidwa.

Tsiku lina Wendell anati, "Loweruka tipite ku Indianapolis. Uvale zakwanu, ndikufuna anthu anga akuone."

Kwathu mwamuna akatero ndiye kuti ukukaonekera kwa abale ake, ndipo mkazi sapita yekha ngati wopanda kwawo. Evelina anasoketsa diresi la chitenje, n'kuitana amalume ake a Lameck, amene ankagwiranso ntchito ku South Bend komweko. Iwo anavala suti, ndipo ali m'galimoto anaimbira mayi a Evelina ku Kasungu.

"Achemwali, ndakansela shifiti, mwana tikukamuintrodyusa lero. Uzani abale onse."

Atafika analowa m'holo yaikulu yodzaza matebulo. Munalibe apongozi. Munali azibambo okalamba, ogula ndi kugulitsa zinthu za mafilimu akale. Wendell anayala zithunzi zake, anaimika Evelina pambali pake, n'kumusomeka duwa lapulasitiki m'tsitsi. Kenako anamupempha kuti avule nsapato. Mwana wa eni anavuladi, poganiza kuti mwina ndi mwambo wa kwa anthuwa. Ine zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Anthu anaunjikana patebulopo. Ankamujambula, koma panalibe amene anamufunsa dzina.

A Lameck anapirira mpaka masana. Kenako anatengera Wendell pambali, nafunsa mwaulemu, manja ali kumbuyo: "Pepani bambo, abale anu ndi ati? Timati tikambirane za ukwati."

Wendell anaseka mokweza, moti oyandikana nawo onse anatembenuka.

"Ukwati? Mafilimuwa simuwadziwa, eti? Msilikali sakwatira. Amabwerera kwawo, mkazi n'kutsala akulira. Anthu amawakondera zimenezo."

Evelina anamva zonse. Anafuna kuwerama kuti atole nsapato zake, koma misozi inali itayamba kale kutsika. Wendell anamuyang'ana, nkhope yake n'kuwala kuposa tsiku lililonse la chibwenzi chawo. Anatulutsa foni m'thumba kuti amujambule.

"Ima pomwepo," anatero. "Usapukute."