Njerwa za ku Msambankhunda

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, inu amene maso anu agwera pa tsambali. Tiyamike Mwini moyo amene watidzutsa lero, amene anatipatsa dothi ndi manja oliumbira. Khalani bwino mumve zimene zinachitika pa sukulu ina ya m'dera la Nthache kuno ku Mwanza, m'zaka zija maphunziro a pulayimale atangokhala aulere, ana atasefukira m'makalasi ngati ngumbi za mvula yoyamba.

Sukulu ya Msambankhunda inkathera Sitandade 4. Mwana akakhoza pamenepo ankayenera kupita ku Chidzanja, sukulu yaikulu ya kumsewu, komwe kunalinso ofesi ya alangizi a zoni, amene ankayang'anira sukulu zonse za chigawocho. Pakati pa sukulu ziwirizi pali mtsinje wa Kanyezi, ndipo ulibe mlatho. M'chilimwe ndi mchenga wokhawokha, mbuzi zimawoloka osanyowa. Koma mvula ikagwa kumapiri a kumalire, Kanyezi amadzaza osachenjeza munthu. Anyamata ena ankavula malaya n'kusambira. Atsikana ankabwerera pagombe. Akajomba mwezi uno ndi wamawa, basi sukulu yatha, ndipo chimanga chisanakhwime unkangomva kuti uje wakwatiwa ndi wowotcha makala.

Mayi Nilda Jose ankazidziwa zimenezi ndi mtima wawo womwe, pakuti mwana wawo woyamba, Sarah, maphunziro ake anathera pagombe lomwelo. Tsopano wachiwiri, Luciana, anali mu Sitandade 4, ndipo anali mwana wa mutu wakuthwa. Mayi Nilda anabwera kuno ali namwali, kuthawa nkhondo ya ku Mozambique ndi kamtolo pamutu. Anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala, pakuti anali atakwatiwa konkuno. Amuna awo atamwalira sanasunthe. Kutchalitchi ndiwo ankayambitsa nyimbo pakati pa amayi, ndipo makolo atafuna wapampando wa komiti ya sukulu anasankha iwo, chifukwa pakamwa pawo sipankanjenjemera.

Chilimwe chimenecho makolo anagwirizana zoumba njerwa kuti amange kalasi ya Sitandade 5. Anagumula chulu cha kudambo, abambo akuponda matope, amayi akutunga madzi, zikombole zikuyenda dzanja ndi dzanja. Anamanga uvuni, anaumata, anauwotcha ndi nkhuni zosenza pamutu. Atautsekula, njerwa zinatuluka zofiira, zolira ngati belu ukazigogoda.

Sabata yomweyo alangizi a zoni, a Kinsley Chabwera, anafika pa njinga yamoto n'kuitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Anayamba ndi kuyamikira njerwazo, ndipo makolo anaomba m'manja. Kenako a Chabwera anatsokomola.

"Makolo anga, bungwe lina lachifundo latipatsa malata ndi simenti, koma za sukulu imodzi yokha. Zoni yasankha Chidzanja, pakuti ndi pamsewu, alendo akhoza kufikapo. Vuto n'lakuti uvuni wa anzathu aja sunapse. Ndiye njerwa zanuzi zipita kumeneko. Zoni ndi imodzi, ana ndi amodzi. Ana anu omwewa ndiwo akaphunzire m'makalasi amenewo."

Mayi Nilda anaimirira. "Bwana, akafikako bwanji Kanyezi akadzaza?"

"Atcheya, mvula si ya chaka chonse."

"Koma sukulu imatsegulidwa mvula ili pakati, bwana."

"Mayi, ine sindinabwere kudzapempha. Njerwa ikaumbidwa m'dzina la sukulu ndi katundu wa boma, ndipo boma ndilo limaona pomwe pali pofunika. Lole ibwera Lachisanu. Singatsike gombe lija chifukwa cha mchenga, ndiye iima kutsidya. Lachisanulo ndi tsiku lanu la chitukuko, sichoncho? Aliyense abwere ndi nkhata yake, musenze njerwa mpaka pa lole."

Aphunzitsi aakulu a sukuluyo, a Laston, anangoyang'ana nsapato zawo. Anali munthu wofatsa, wa ana ambiri, ndipo ankadziwa kuti alangizi akakwiya akhoza kumusamutsira mphunzitsi kulikonse.

Pobwerera kumudzi Mayi Nilda anayenda ndi mnzawo wa ponda apa nane ndipondepo, Mayi Deliwe, amene sankatha kukhala chete ngakhale pamaliro, ndipo ankawaitana kuti Sinyora, monga amaitanira mayi ku Mozambique.

"Sinyora, mwamva? Taponda tokha, tawotcha tokha, tsopano tikapereke tokha ngati mbuzi yodzipititsa kwa wopha! Atipatsa chiyani, zikomo?"

Mayi Nilda sanaseke. M'mutu mwawo munkazungulira nkhani ija ya m'Malemba, ya ana a Mulungu amene ankaumbira njerwa mfumu yachilendo, thukuta lawo, mizinda ya ena. Anayenda pang'ono, kenako anaima pakati pa njira.

"Deliwe, anati lole iima kuti?"

"Kutsidya."

"Nanga njerwa ili ndi miyendo?"

Mayi Deliwe anawayang'ana, kenako anaika manja pakamwa n'kuseka mpaka kukhala pansi.

Asanafike kunyumba anapatukira kwa a Zakeyu, mmisiri womanga nyumba, amenenso anali mkulu wa mpingo. Anawapeza akusema mpini.

"Akulu a mpingo, khoma lomanga ndi matope, lopanda simenti, limaima?"

"Mayi a Luciana, tchalitchi chathu chija chaima ndi chiyani? Mwaonamo simenti inu? Koma ndifunse. Kukana mawu a olamulira, Mulungu akuvomereza?"

"Sindikukana kulamulidwa. Akanati tisenze mchenga wa ku Chidzanja ndikanasenza. Koma akundiuza kuti ndisenze kalasi ya mwana wanga ndi mutu wanga ndikaitule kutsidya kwa mtsinje umene unandilanda Sarah. Chimenecho ndikachita ndikamuyankha chiyani Mulungu amene anandipatsa anawa?"

A Zakeyu anaika mpini pansi, anavula chipewa, ndipo anapemphera pomwepo pabwalo, nkhuku zikuwazungulira. Atati ameni anafunsa kuti, "Maziko tikumbe liti?"

Anakumba mawa lake, kuseri kwa kalasi ya Sitandade 4. Mawu anayenda khomo ndi khomo, pachitsime ndi pachigayo. A Laston atatuluka mu ofesi n'kuona ngalande zinayi zitakumbidwa bwinobwino, anafunsa kuti n'zachiyani.

"Mukufunadi kudziwa, aphunzitsi?" anatero Mayi Nilda.

A Laston anakanda m'mutu. "Ayi, Atcheya. Maso anga avuta masiku ano." Ndipo analowanso mu ofesi.

Lachisanu linacha bwino. Lole inaima kutsidya, dalaivala wake, a Timoti, ndi anyamata a pa lole atakhala pamthunzi wa tayala. A Chabwera anawoloka mchenga wapansi n'kufika pa uvuni. Anapeza khamu lomwe sanaliyembekezere: amayi a ana kumbuyo, abambo, ngakhale nkhalamba zomwe sizinkabwera ku chitukuko. Nkhope yawo inawala.

"Mwaona, Atcheya? Anthu akamvetsa pulogalamu amabwera okha."

"Amvetsadi, bwana."

Mayi Nilda anaika nkhata pamutu, anzawo anawasenzetsa njerwa, ndipo anatsogola. Anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ija amaimba polowa ndi zopereka, ndipo mzere wonse unavomera. Njira yochokera kudambo imagawikana pa mtengo wa mlambe: yakumanzere imatsikira kumtsinje, yakumanja imakwera kusukulu. Anafika pa mlambe. Sanacheuke kuti aone ngati anzawo akuwatsata. Anakhotera kumanja.

Nyimbo sinaduke kumbuyo kwawo. Inakwera nawo chitunda.

"Mayi! Atcheya! Mwasokera! Njira ndi iyi!" anakuwa a Chabwera.

"Sitinasokere bwana," anayankha Mayi Deliwe osatembenuza khosi, "njira zino timayenda ndi mdima womwe!"

A Chabwera anathamanga modutsa m'munda mpaka anawapeza pasukulu. Kumeneko a Zakeyu anali atakoka kale chingwe, matope ali okonzeka, ndipo njerwa yoyamba inali italowa m'maziko. Amayi ankatula, kupukuta thukuta, n'kubwerera kukatenga zina.

"Imani nonse! Ndani walamula zimenezi?"

"Ndine, bwana," anatero Mayi Nilda. Njerwa zinali zikadali pamutu pawo.

"Mukuba katundu wa boma masanasana!"

"Sitikupita nazo kunyumba, bwana. Zikulowa m'khoma la sukulu ya boma, pa malo a boma, kuti muziphunzira ana a boma lomwelo. Lole ndi yanu, ofesi ndi yanu. Koma mitu ndi yathu, ndipo mitu yathu yakana kuwoloka."

Ena anaseka, ndipo kusekako kunawapsetsa mtima alangiziwo. Anawaloza chala.

"Inu mayi, kuno si kwanu. Munabwera ndi kamtolo, tinakulandirani. Kwanu uko mukanayankha boma chonchi?"

Ntchito yonse inaima. Ngakhale a Zakeyu anaimitsa dzanja. M'khamumo munali ena ambiri amene anabwera ndi timitolo m'zaka za nkhondo, ndipo mawuwo anawalasa onse. Mayi Nilda anatula njerwa zawo pang'onopang'ono, imodziimodzi, n'kuziika m'manja mwa a Zakeyu.

"Zoona bwana, ndinabwera ndi kamtolo, ndipo munandilandira. Mulungu akudalitseni pa chimenecho. Koma dothi lino ndaikamo amuna anga. Michombo ya ana anga ili m'dothi lomweli. Ndipo njerwa izi ndi dothi lomwelo, ndaliponda ndi mapazi awa. Ngati ndili mlendo, ndiuzeni manda amene ndikafukule kuti ndipite nawo kwathu."

"Auzeni, Sinyora!" anakuwa Mayi Deliwe, ndipo amayi anaimba nthungululu.

A Chabwera anatembenukira kumtsinje n'kukuwa: "A Timoti! Bwerani ndi anzanuwo musenze!"

Yankho linabwera ndi mphepo: "Bwana, ine anandilemba kuyendetsa galimoto! Khosi langa ndi la chiwongolero!"

Apa alangizi anadziwa kuti njerwa siziwoloka. Anakonza kolala ya malaya awo n'kuyankhula mozizira.

"Chabwino. Kuyambira lero komiti ino yatha, ndipo inu mayi simulinso wapampando. Mangani khola lanulo. Koma lata ngakhale limodzi simuliona, ndipo mphunzitsi wa Sitandade 5 sinditumiza. Tione ngati njerwa zimaphunzitsa."

Mawu amenewo anawalowa Mayi Nilda m'mafupa. Za mpando sanadandaule nazo. Koma kalasi yopanda mphunzitsi ndi makoma chabe, ndipo Luciana akanaimabe pagombe lija. Anayang'ana ngalande, anayang'ana amayi amene anaima ndi njerwa pamutu akudikira mawu awo, ndipo mumtima anangoti, Ambuye, ndafika pomwe ine ndathera.

Chitseko cha ofesi chinalira. A Laston anatuluka, akupinda manja a malaya. Anayenda mpaka pa ngodya ya maziko n'kugwira nsonga ya chingwe cha a Zakeyu.

"Sitandade 5 ndiphunzitsa ine, bwana. M'mawa ndikhala ndi Sitandade 4, akaweruka ndilowa kuno."

"A Laston, mukudziwa zimene ndingakuchiteni?"

"Ndikudziwa, bwana. Koma chaka ndi chaka ndimawaphunzitsa atsikanawa mpaka adziwe kuwerenga, kenako ndimakumana nawo pamsika wa Thambani ali ndi ana kumbuyo. Ndatopa n'kuwapatsa moni ngati sindikuwadziwa. Mukandisamutsa, musamutse, koma amene mumubweretse apeza kalasi ili ndi ana."

Mayi Nilda anatola nkhata yawo, anaiwomba fumbi, anaiika pamutu.

"Bwana, mpando mwatenga. Koma kusenza sikufuna mpando. Tipatseni njira, matope akuuma."

Anayambitsanso nyimbo ija, ndipo mzere unatsikira kudambo. A Chabwera anaima kanthawi, kenako anawoloka mchenga okha. Lole inabwerera yopanda kanthu.

Zimene ananena a Chabwera anachitadi. Komiti ina inasankhidwa, ndipo Mayi Nilda sanaloledwe kuimanso. Malata anapita ku Chidzanja. Makolo a Msambankhunda anadula milimo, anamweta udzu, anafolera kalasi yawo ngati nyumba ya m'mudzi. Mazenera anali maenje chabe, mipando inali njerwa zotsala. A Laston anaitanidwa ku ofesi kangapo, ndipo ankabwerako atatuwa nkhope, koma tsiku lotsatira ankalowa m'kalasi.

Sukulu itatsegulidwa, mvula inagwa usiku ndi usana kumapiri a kumalire. Tsiku lina masana Mayi Nilda akupalira m'munda mwawo anamva Kanyezi akubangula, akunyamula mitengo ndi mapesi. Anaimika khasu. Kuchokera kumtunda, pansi pa denga la udzu lija, kunkamveka mawu ena: a Laston akufunsa, ana akuyankha pamodzi. Pakati pa mawuwo anazindikira liwu limodzi lakuthwa, lotsogolera anzake, monga momwe iwo ankatsogolera nyimbo. Anali Luciana, ali tsidya lino la mtsinje, zovala zake zili zouma.

Anagwada pamzere pomwepo, mawondo m'matope, nayamika.

Ndipo inu amene mwawerenga kufika pano, Mulungu wa amasiye ndi alendo akusungeni. Alimbitse khosi lanu pa katundu amene ali wanu kusenza, akupatseni mtima wokana amene si wanu, ndipo ana a m'nyumba mwanu asaime pagombe akulira. Mtendere wake ukhale pa inu ndi pa denga lanu. Ameni.