Mabotolo a Loretta

Loretta anapeza mwamuna ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, anthu atatopa kale kumufunsa kuti tidya liti. Mwamunayo anali Warwick, namfedwa wokonza mabasi ku Adelaide, munthu wa dazi ndi mawu ochepa, woti akafuna kuseka ankayamba wayang'ana kumbali ngati akupempha chilolezo. Atagwirizana tsiku la ukwati, Loretta sanayambe ndi kuganiza za diresi kapena holo. Anaganiza za mabotolo ake.

Bambo ake, malemu a Nunzio, anali ndi mwambo umene anabwera nawo kuchokera kumudzi kwawo ku Italy. Mwana akabadwa, pa mphesa za chaka chimenecho ankapatulapo zina n'kupanga vinyo wamphamvu, wotsekemera, woti zaka zikamachuluka ndiye amakomerakomera. Ankadzaza mabotolo khumi ndi awiri, kulemba dzina la mwanayo pa lililonse ndi penti yoyera, n'kukawagoneka m'chipinda chapansi pa nyumba ya kumunda. Vinyo ameneyu sankatsegulidwa pa ubatizo, pa Khirisimasi ngakhale pa maliro. Ankadikira ukwati wa mwini dzina basi. Wa Ennio, mchimwene wake wamkulu wa Loretta, anamwedwa kalekale. Wa Loretta ndiye anatsala, ndipo a Nunzio, ngakhale masiku awo omaliza lilime litalemera, ankalozabe pansi ndi chala n'kumutsinzinira mwana wawo diso limodzi.

Loretta anamuimbira Ennio foni kuti akubwera kumapeto kwa sabata kudzatenga zake. Ennio anati sakumva bwino, ali pa thalakitala.

Anafika ndi Warwick ku Port Willunga, tauni ya m'mbali mwa nyanja kufupi ndi mundawo, Lachisanu dzuwa litapendeka. Mayi ake, a Assunta, ankakhala m'tauni yomweyo kuyambira pamene amuna awo anamwalira, koma sakanalola kuti mbeta igone denga limodzi ndi mwamuna ansembe asanadalitse, mbetayo ikhale ndi imvi kapena ayi. Choncho awiriwo anachita lendi kanyumba kena kufupi ndi gombe. Anagula nsomba ndi tchipisi n'kukadyera pamchenga, mbalame zikuwalondalonda. Warwick anafunsa kuti vinyoyo amakoma bwanji, ndipo Loretta anati sakudziwa, palibe akudziwa, ndiye kukoma kwa nkhaniyo kumeneko.

"Ndiye kuti ine wandifunira kudzakhala chotsegulira botolo basi?" anatero Warwick.

"Chotsegulira chadazi," anayankha Loretta. "Ndafunafuna m'masitolo onse, chinatsala chimodzi."

Anaseka mpaka kutsamwa ndi tchipisi. Anali wosangalala, ndipo sankachita nazo manyazi.

Loweruka kumunda kunali piringupiringu. Ennio ndi mkazi wake Narelle anasandutsa shedi yakale kukhala malo olawitsira vinyo, ndipo anthu a mumzinda ankabwera ndi timabasi, kupukusa matambula, kununkhiza, n'kumauzana kuti akumva fungo la chokoleti ndi la dothi lonyowa, chonsecho ambiri a iwo ankangofuna kuledzera mwaulemu. Ennio analandira Loretta ndi Warwick ndi manja awiri. Anamugwira Warwick paphewa, kumutcha alamu, kumuonetsa migolo, makina atsopano, mipesa yakale imene a Nunzio anadzala ndi manja awo. Mawu ankangotuluka osapuma. Loretta ankamudziwa mchimwene wakeyo: akachulutsa zonena, ndiye kuti pali chimene akukwirira.

Anapempha kiyi ya chipinda chapansi kwa Narelle. Narelle anati masitepe anawola, ndiponso muli akangaude oluma, bola afunse Ennio. Ennio anati tidye kaye. Koma Loretta anakulira m'nyumba imeneyo, ndipo kiyi inali pamsomali womwe uja kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Masitepe anali olimba bwinobwino. Pashelefu yake, pakona pamene ali mwana ankakonda kukawerenga dzina lake ndi tochi, panali makatoni a nyali za Khirisimasi. Anaima pamenepo n'kudziuza kuti mabotolowo awasamutsira kozizirako. Mtima wa munthu umateteza abale ake ngakhale maso ataona kale.

Chakudya anachiyala panja, pansi pa mitengo ya maolivi, pamene panali matebulo aataliatali a alendo. Pakati pa tebulo lililonse panali botolo lakuda loikamo maluwa ouma. Loretta anakhala pansi osamva njala, dzanja n'kumangoseweretsa botolo limene linali patsogolo pake. Chala chinamva kukhakhala. Analitembenuza. Munthu wina anayesetsa kupala pentiyo ndi mpeni, koma a Nunzio ankalemba L wamkulu wa mchira wautali, ndipo mchirawo unakana kuchoka. Kumapeto kwake zilembo ziwiri zinali zikuonekabe.

Anadzuka n'kuyamba kuyenda tebulo ndi tebulo, kupepesa alendo, kutembenuza mabotolo. Mayi wina wa chipewa chachikulu anamufunsa ngati akugulitsa. Onse anali ake, ndipo onse anali opanda kanthu.

Anamupeza Ennio m'shedi ya migolo, akupukuta tambula youma kale.

"Achimwene, vinyo wanga ali kuti?"

"Takhala kaye pansi, chemwali."

"Ndakhala pansi zaka zambiri. Ali kuti?"

Ennio anafotokoza akuyang'ana tambulayo. Anali ukwati wa Bianca, mwana wake wamkazi, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Bianca atabadwa, Ennio sanamupangire vinyo wake, ankati zimenezo ndi zachikale. Koma akuchimuna anali anthu a ndalama a ku Melbourne, odziwa vinyo, ndipo anali atamva za mwambo wa banjali n'kumaufunsa pafoni iliyonse. Manyazi anamugwira. Sakanawauza kuti mwana wa mlimi wa mpesa akukwatiwa chimanjamanja, pomwe pansi pa nyumba pagona mabotolo amene palibe ankawayembekezera.

"Fodya ndi amene ali pamphuno, Loretta," anatero. "Ukwati umene unalipo unali umenewo."

Apa m'pamene Loretta anakumbukira. Tsiku la ukwati wa Bianca, atadula keke, Narelle anatulutsa majagi agalasi a vinyo wakuda bii, wothira m'timatambula ting'onoting'ono. Thireyi imodzi anainyamula ndi Loretta yemwe, kugawira akuchimuna. Atalawa wake anatseka maso n'kunena kuti chibadwire sanamwepo vinyo wotero. Anafunsa kuti wachokera kuti, ndipo Ennio anangoti ndi za m'manja mwa ababa. Loretta analira pamenepo, pakuti bambo ake anali atangotha chaka m'manda, ndipo Narelle anamusisita pamsana. M'mawa mwake timatambula tonse tija anatitsuka ndi iye.

Anamwa vinyo wa ukwati wake pa ukwati wa mwana wa mchimwene wake, n'kuthokoza.

Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti onse ankadziwa kumene zaka zake zinapita. A Nunzio atagwa ndi matenda opha ziwalo, Ennio anali ndi munda, mkazi ndi ana. Loretta ndi amene anasiya ntchito mumzinda, kusiya mnyamata amene ankamufuna kuti apite naye ku Perth, n'kubwerera kudzasambitsa bambo ake, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni zaka zisanu ndi ziwiri. Anzake ankakwatiwa iye akuchapa nsalu za pabedi. Sanadandaulepo, ndipo abale ankamuyamikira pa Khirisimasi iliyonse kuti ndi mngelo. Lero anaona kuti mngelo sasungiridwa vinyo. Anamuyenda pansi, anthu ake omwe, akumutamanda.

"Mukanandifunsa," anatero. "Mwina ndikanavomera."

"Ukanakana."

"Ndiye munkadziwa."

Ennio anaika tambula pa mgolo. Ananena motsitsa mawu kuti sanachite yekha, Loretta akafunse amayi.

Warwick anali ataima pakhomo la shedi, atamva zonse. Anangomugwira Loretta pachigongono n'kupita naye kugalimoto. Ennio anawathamangira atanyamula katoni ya vinyo wake wodula kwambiri, uja amalawitsa anthu osankhika okha, akuti atenge, ukwati wonse adzapereka vinyo ndi iye, ulere. Warwick anatsegula windo n'kumuuza mwaulemu kuti abwerere nayo katoniyo, dzuwa lingaiwononge.

Masana onse Loretta anayenda m'mbali mwa nyanja, nsapato zili m'manja, Warwick akutsatira cham'mbuyo. Za amayi sanazikhulupirire. Ennio chiyambire anali wotero, akaswa windo ankaloza mphepo, ndiye lero wapeza nkhalamba yobisalako. Mayi ake ndi amene ankapukuta fumbi pa mabotolo aja chaka ndi chaka. Mayi ake ndi amene Loretta ankawayendera Lachitatu lililonse ndi Lamlungu lililonse, ulendo wochokera ku Adelaide, mvula kaya dzuwa. Anaganiza kuti akawauze mosamala, kuopa kuti mtima wawo ungaime.

Lamlungu anawapeza amayi atangochokera ku Misa, akadali ndi diresi yakuda ya kutchalitchi. Warwick anapereka moni n'kuona kuti geti ikukhula pansi, ndipo anatuluka mosangalala kukatenga zitsulo zake. Loretta anachita zonse za masiku onse. Anagawa mapiritsi m'kabokosi ka sabata, anataya mkaka wosasa, anawakhazika amayi pampando wa pawindo n'kumasula tsitsi lawo kuti alipese. Anayamba nkhaniyo ali kumbuyo kwawo, poti kunali kosavuta kuyankhula ndi tsitsi kusiyana ndi nkhope.

A Assunta sanadzidzimuke.

"Wakuuza? Watenga nthawi," anatero. "Kiyi ndinapereka ndine. Mchimwene wako ankazengereza, ndine ndinati tsegula."

Chipeso chinaima.

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Unali ndi zaka makumi anayi, mwanawe. Ndikanati vinyo adikire ndani?"

"Ababa ankadikira."

"Abambo ako ankadziwa zaka za mpesa. Za mkazi sankazidziwa."

Loretta anafunsa ngati sanaganize zomuuza, ngakhale pambuyo pake, m'zaka zonsezi zimene wakhala akubwera m'nyumba muno kawiri pa sabata. A Assunta anati akanamuuza kuti zimuthandize chiyani, vinyo womwedwa sabwerera m'botolo. Anati tsiku lija anamuyang'anitsitsa akumwa, ndipo anakondwera kuti walawako, pakuti ena amafa osalawa. Anati akuchimuna aja mpaka lero amasimbabe. Ankayankhula modekha, ngati akufotokoza chifukwa chimene anaperekera diresi imene mwana sankaivalanso.

"Ndiponso ine ndinkati ndiwe wanga," anapitiriza. "Ennio ndinamupereka kwa Narelle, anapita. Iwe Mulungu anandisiyira. Mabotolo aja atatsegulidwa ndinagona tulo tabwino."

Anazinena ngati mawu achikondi, ndipo mwina kwa iwo analidi otero. Loretta dzulo ankaganiza kuti abale ake anangotaya mtima pa iye, ndipo zimenezo zokha zinali zowawa mokwanira. Tsopano anamva kuti mayi ake sanataye mtima ayi. Mtima wawo unakhala pansi. Tsiku limene anatsimikiza kuti mwana wawo adzakalamba yekha linali tsiku losangalatsa kwa iwo, ndipo analimwera vinyo.

Panja Warwick ankamenya chitsulo. Loretta anayang'ana tsitsi loyera lija m'manja mwake, lopyapyala, khungu la pamutu likuonekera. Sakanalisiya lomasuka. Analiluka, kulizunguliza, kulimanga ndi mapini monga amalikondera amayiwo. Manja ankagwira ntchito yawo okha, iye mwini ali kutali. Atamaliza anatsuka chipeso, anatenga chikwama chake, n'kunena kuti akufuna anyamuke msewu usanadzaze.

A Assunta anagwira tsitsi lawo kumbuyo kuona ngati lalimba. Anati mwamunayo akuoneka wa manja abwino, geti ija Ennio wakhala akulonjeza chaka chonse. Loretta atafika pakhomo, anamuitana.

"Lachitatu ubwera nthawi yanji? Kwa adokotala a maso ndi m'mawa."

Loretta anaima atagwira chitseko. Mayankho anali nawo ambiri, ndipo onse anali oona. Koma pakamwa panatsogola mtima usanalole.

"Ndifika molawirira, amayi. Mudzandidikire mutavala."

Anatseka chitseko bwinobwino kuti mphepo ya kunyanja isawalowere, n'kutsika masitepe atadziphimba kumaso ndi chikwama.