Nsungwi ya Anesi

Anesi anaima pamzere wa amayi othyola tiyi, dengu lili kumsana, akuyang'ana bokosi lomwe mzungu wa esiteti anakhoma pakhomo la fakitale. Linali lobiriwira, la kakamwa kopyapyala pamwamba ndi loko pambali. Kapitawo Edson ndiye ankamasulira.

"Bwana akuti amene ali ndi nzeru yofulumizitsa ntchito aponye m'menemu. Ikawakomera, mwini wake alandira nsalu."

"Tiponyamo chiyani, a Kapitawo, poti kulemba sitidziwa?" anafunsa Lestina, mnzake wa Anesi.

"Pakamwa muli napo. Mundiuze ine, ndilemba."

Nzeru Anesi anali nayo, ndipo anali ataibisa miyezi itatu. Ankagoneka nsungwi yowongoka pamwamba pa zitsamba za tiyi, n'kumathyola nsonga zokhazo zopitirira nsungwiyo, osataya nthawi kusankha ndi maso. Mgwazo wake wa madengu awiri unkatha dzuwa lili paliwombo. Masana onse anali ake, ndipo ankawathera m'kamunda ka chinangwa komwe kankadyetsa ana ake atatu. Nzeruyi Anesi anaonetsa Lestina yekha.

"Mukangonena, amwali, tatha," anatero Lestina pobwerera kumalaini, kunyumba za antchito.

Koma nsalu ya Anesi inali itatha, zigamba zokhazokha, moti kutchalitchi ankakhala kumbuyo. Lachitatu anakamuuza Edson.

Sabata isanathe, ngolo inatsitsa mitolo ya nsungwi zodulidwa mofanana. Mzungu anabwera kumunda wotchi ili m'manja, n'kumamuyang'ana Anesi ngati mbuzi yomwe akufuna kugula. Naye Anesi, kupusa kwake, anathyola ndi mphamvu zake zonse kuti amugometse.

Lolemba m'mawa Edson analengeza ali nyadanyada. "Poti ntchito yapepuka, madengu awiri aja tsopano ndi atatu."

Kuyambira tsikulo anthu ankaweruka dzuwa litapendeka. Chinangwa cha Anesi chinamira m'thengo, ndipo chomwe udzu unasiya anafukula ndi anyani. Kuchitsime amayi ankati akamuona, nkhani zii. Nsalu analandiradi, biriwita wa mikono inayi, koma sanaivale. Anaipinda n'kuiponya kudenga, napitiriza kuvala zigamba zake.

Tsiku lina Lestina, yemwe anali ndi pakati, anatsalira m'mbuyo pamzere wake. Edson anafika akukukuta mano, natambasulira dzanja kapitawo mnzake.

"Tandipatsa anesi uyo."

Anesi anatembenuka, poyesa kuti akumuitana. Ayi. Chomwe anapatsirana chinali nsungwi. Inalira kawiri m'miyendo ya Lestina.

"Fulumira, kapena anesi akulawenso!"

Ndiye kuti dzina lake lomwe, limene anamupatsa amayi ake asanawoloke mtsinje wa Ruo kubwera kuno, linali litasanduka chikwapu. Ananyansidwa ndi Edson, ndi mzungu wa wotchi uja, koma koposa onse ananyansidwa ndi manja ake omwe. Lestina sanalire, ndipo Anesi sanamuyang'ane n'komwe.

Madzulo, atasenza dengu lachitatu, Anesi anazindikira kuti akamanga chingwe mopingasa pachifuwa, katundu sakoka khosi. Inali nzeru yabwino. Atafika pakhomo la fakitale anamasula chingwecho msanga, n'kuchimanga monga ankamangira aliyense. Anadutsa pabokosi lija khosi likuwawa, nalavulira pansi. Pakakamwa ka bokosilo kangaude anali atayamba kuluka ukonde.