Chidindo Chofiira cha Ada Kamanga

Tinabwera ku Nkhata Bay kuchokera ku Ntcheu pamene bambo a Dolly anawasamutsira kuno kudzagwira ntchito ya ukalaliki pa boma. Nyumba inali ya boma, mipando ya boma, ngakhale bedi. Zathu zinali ana ndi mapoto.

Buku ndinali nditasiya kuligwira kalekale. Ndili mtsikana ndinkawerenga mpaka mayi ankachita kundilanda buku kuti ndikasinje. Nditakwatiwa, chowerenga chinangotsala khadi la kusikelo. Sindinkadandaula. Munthu wochapa matewera alibe nthawi yodandaula.

Usipa ndinkagula kwa Anyamhone, mayi wachitonga wokhala pafupi ndi khomo la msika, chifukwa iwo sankatsina mulu ukayang'ana kumbali. Tsiku lina anandikulungira usipa m'pepala lothothola m'buku. Ndikudula mitu pakhonde, maso anangogwera pa mawu. Inali nkhani ya akazi awiri apachibale olimbirana makina osokera amene malemu bambo awo anasiya. Wamkulu anali atabisa makinawo m'nkhokwe, wamng'ono akubwera ndi makwerero. Pepala linathera pomwepo.

Ndinalitembenuza. Ndinaliwerenganso. Mafuta a usipa anali atadya mizere ina, koma ndinakwiya ngati munthu wandidula pakamwa.

M'mawa mwake ndinabwerera kumsika, ndiwo zili m'nyumba.

"Ama, dzulo lomweli mwamaliza kale?" anafunsa Anyamhone. Chichewa chawo chinkakwera ndi kutsika ngati bwato.

"Ndikulungireni m'pepala lotsatira lija."

"Mukudya somba kapena mukudya pepala?"

"Zonse."

Anaseka mpaka kutsokomola, nauza mnzawo wogulitsa chinangwa m'Chitonga, nayenso n'kuseka. Kenaka anasolola buku pansi pa dengu. Linalibe chikuto, ndipo chiswe chinali chitadya m'mphepete. Mapepala apakati ambiri anali atapita ndi usipa wa anthu ena. "Tengani lonse, musandithere usipa pachabe," anatero.

Sabata imeneyo nyemba zinapserera. Dolly anapita kusukulu ndi yunifolomu yosasita. Pamene mapepala anasowa ndinkangolumikiza ndekha m'mutu, ndikukolopa. Ndinali nditaiwala kuti mutu wanga ungathe kukhala kwina thupi lili pa mtondo.

Ndiye tsiku lina masana bambo a Dolly anabwera kudzadya, n'kupeza bukulo pampando. Analitsegula pepala loyamba. Pamenepo panali chidindo chofiira, chopingasa, cha Chingerezi. Ine ndinkachiona masiku onse, ndimayesa ndi dzina la sukulu.

Anatseka chitseko. Anatsekanso zenera, kutentha konse kuja.

"Amake Dolly, buku ili mwalitenga kuti?"

"Kumsika. Bwanji?"

"Mukudziwa mawu awa? *Withdrawn*. Ndiye kuti analichotsa. Buku akalichotsa ndiye kuti ndi loletsedwa."

"Ndi nkhani ya makina osokera."

"Iwe, akabwera sadzafunsa za makina."

Bambo a Dolly sankanditchula kuti iwe. Ndinakhala pansi.

Sanali kuchita mantha achabe. Chaka chomwecho kalaliki mnzawo, a Davis, anawapeza ndi magazini ya kunja m'dirowa. Kunabwera Landirova ya apolisi, ndipo mkazi wawo anatulutsidwa m'nyumba ya boma ndi ana, katundu ali pamutu. Kumene a Davis anapita palibe amene ankafunsa.

"Tiliwotche," anatero.

"Tiwotcha chiyani? Theka la buku lili m'makhitchini a anthu. Ndiponso mayi Agatha andiona nalo pakhonde."

Mayi Agatha anali a nyumba yoyandikana nafe. Amuna awo anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Bambo a Dolly anangoyang'ana chakudya, n'kuvala jekete, n'kubwerera kuntchito osalawa. Pakhomo anatembenuka. "Ndikapanda kubwera, mupite ndi ana kwa achimwene ku Ntcheu."

Ine kulira sindidziwa bwino. Ndinabereka Lily, mng'ono wake wa Dolly, n'kulowetsa buku pakati pa msana wanga ndi mwana, n'kumanga chitenje zolimba. Pakhomo la msika panali ayufi ndi malaya awo ofiira, akuona makadi a chipani. Ndinatulutsa langa. Mmodzi anasewera ndi phazi la Lily, dzanja lake lili pafupi ndi buku. Mwana anaseka. Ine thukuta linali kuyenderera mpaka m'miyendo.

"Anyamhone, buku lija munalitenga kuti?" ndinanong'ona.

"Mwamaliza? Mukufuna lina?"

"Akuti ndi loletsedwa."

Kuseka kunathera pomwepo. Anayang'ana kukhomo, kenaka dengu lawo. "Ine ndakulungira boma lonse. Ngakhale mkazi wa mkulu wa polisi." Anafundika usipa ndi thumba, n'kuuza wachinangwa uja kuti awaonerere. "Tiyeni kwa alamu anga, Ada Kamanga. Ndiwo anandipatsa."

Tinayenda mpaka ku Chikale, dzuwa lili pamutu. Ada Kamanga anali mphunzitsi wopuma, ndipo ankasunga mabuku a mpingo wawo m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi. Tinawapeza akumata buku ndi phala la chinangwa. Anyamhone anayamba kuwakalipira m'Chitonga tisanakhale n'komwe. Ndinangomvamo mawu akuti polisi. Nkhope ya bamboyo inasintha.

"Lili kuti?" anafunsa m'Chichewa.

Ndinamasula mwana, n'kuwapatsa. Linali lonyowa ndi thukuta. Anavala magalasi, n'kuyang'ana pepala loyamba nthawi yaitali. Kenaka anatsegula dirowa, natulutsa kachidindo ka mtengo, nakadinda pa nyuzipepala yakale. Mawu omwewo, kufiira komweko, ngakhale chilembo chimodzi chodukaduka chomwecho.

"Wochotsa ndine, mama," anatero. "Buku likadyedwa ndi chiswe, kapena chikuto chikatha, ndimalidinda kuti lachoka pa shelefu. Apo ayi a komiti amati ndaba."

"Si boma?"

"Boma lilibe nthawi yodinda. Iwo akafuna buku amangobwera n'kulitenga, ndipo simudzalionanso, kaya pa usipa kaya pa chiyani."

Anatilozera katoni pakona. Munali mabuku ong'ambika okhaokha, onse odindidwa: la masamu a Sitandade 3, la kaphikidwe, la nyimbo za Sande sukulu.

Ndinakhala pa benchi, n'kuyamba kuyamwitsa Lily ngakhale sanalire. Anyamhone sanasiye kukalipa.

"Ada, inunso, osalemba m'chilankhulo cha anthu bwanji? Muzingolemba kuti chiswe."

"Chidindo anatisiyira ndi azungu a mishoni. Angandisemere china ndani?"

"Mwatsala pang'ono kupha mayiyu. Taonani milomo yauma."

Ada Kamanga anandipatsa madzi m'kapu ya chitsulo. Nditamwa ndinapempha buku la masamu lija. Anadabwa.

"La makina osokera lilipo lina lathunthu, ndikubwerekani. Masamu mukatani nawo?"

"Amuna anga sakhulupirira pakamwa pa mkazi. Akufunika aone."

Anandipatsa onse awiri, n'kunena kuti lathunthulo ndibweze ndikamaliza, ndipo ndisaliyandikize kwa mlamu wawo. Anyamhone anati mabuku a Ada Kamanga ndi oonda, sakulunga bwino n'komwe.

Sindinadikire kuti bambo a Dolly aweruke. Ndinapita ku ofesi komweko, n'kutuma mesenjala kuti awaitane. Anatuluka nkhope ili mbuu, akuyang'ana kumsewu ngati kuli galimoto. Ndinawapatsa buku la masamu pansi pa mtengo wa mango. Anaona chidindo, anaona mabanana ojambulidwa oti ana awerenge, anaonanso chidindo.

"Masamunso aletsa?" ndinafunsa.

Ndinawafotokozera za Ada Kamanga ndi chiswe. Anapuma mpweya wautali, n'kutsamira mtengo. Anayamba kuseka osatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka, kenaka anapukuta m'maso ndi mpango.

"Ndakhala ndikulongedza m'dirowa masana onse," anatero. "Ndapatsa mesenjala kapu yanga."

"Kaitengeni."

"Amake Dolly, pali chakudya kunyumba?"

"Chomwe munachisiya chija."

Anabwerera mkati akuyenda ngati munthu. Ine ndinatsika kunyumba. Mayi Agatha anali pakhonde pawo akusankha mpunga, ndipo ndinapita dala kukakhala nawo, mabuku onse ali poyera pamwendo panga. Ndinawaonetsa chidindo, n'kuwauza za chiswe mokweza, kuti ngati a tcheyamani ali m'nyumba amve okha.

Mayi Agatha sanasamale n'komwe za chidindocho. Anatenga lathunthu lija, n'kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Ndimakuonani mukuseka nokha pakhonde, ndimayesa mwayamba misala. Ine maso anafooka. Tawerengani ndimve."

"Ndili ndi zochapa."

"Zochapa sizithawa, amake Dolly."

Ndinamuika Lily pa mphasa, n'kutsegula pepala loyamba. Mawu anga anatuluka okakamira ngati a mwana wa sukulu, ndipo ndinapunthwa pa mzere wachiwiri. Mayi Agatha anati ndisathamange, mpunga ndi wambiri.